Kubweza Njati ya Adadi

Bakersfield, California
2 Juni 1994

Achemwali a Marlys,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Adadi. Kuno tili moyo, kungoti dzuwa layamba kale kutiwotcha. Ndalemba kalata chifukwa foni yanga mumaidula ndisanamalize n'komwe kupereka moni, ndipo ulendo watha uja munati kulira kwa foni kumawasokoneza Adadi. Chabwino. Pepala simungalitseke pakamwa.

Nkhani ndi iyi: ndamaliza kukonza Njati. Eya, galimoto ya Adadi yomwe ija mumauza anthu kutchalitchi kuti ndinaiba titangoika maliro a Amayi. Sindinaibe. Ndinaikweza pa ngolo dzuwa likuswa mtengo, Adadi eni ake akundithandiza kumanga maunyolo, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzaibweza. Zoti papita zaka zisanu ndi ziwiri sindikukana. Koma inu munaiona mmene inalili m'shedi muja, mbewa zitamanga mudzi m'mipando, pansi patabooka ndi dzimbiri moti munthu ukanatha kuona msewu pakati pa mapazi ako.

Mukadzaiona mudzagwira pakamwa. Ndinaiphwasula mpaka kutsala chigoba chokha. Injini ndi yomwe ija inabadwa nayo mu 1969, manambala ake akugwirizana ndi a pa chitseko. Bawuti iliyonse, paipi iliyonse, ngakhale timizere ta choko timene anyamata a ku fakitale ankalemba kunsi, zonse zabwerera mmene zinalili tsiku limene inatuluka. Mwezi watha pa chionetsero cha magalimoto akale, oweruza anagona chagada pansi pake ndi tochi ndi kagalasi kufunafuna cholakwika, ndipo anadzuka chimanjamanja. Chikho chili pabalaza pano.

Anzanga akuti mutu wanga sukuyenda bwino, ati galimoto yotere siyenda pamsewu, imanyamulidwa m'ngolo yotseka ngati mkwatibwi. Ine ndati ayi. Njati idzalowa pa geti la kwathu ndi miyendo yake, ndipo Adadi adzaimva ikubangula ikadali pa mlatho. Pa Khirisimasi atandifunsa pa foni kuti ndine ndani, zinandipweteka kwambiri, sindikubisirani. Koma akadzandiona ndikutsika mu Njati adzandidziwa. Pamenepo ndilibe chikaiko.

Ndinyamuka pa 11. Musawauze, ndikufuna ndiwadzidzimutse. Mundisesere m'shedi ndipo muchotsemo matumba a chakudya cha nkhuku, fumbi lake limawononga penti. Mundiuzeko ngati bondo lija likuwavutabe.

Mlongo wanu,
Lyle


Tabor Creek, Nebraska
8 Juni 1994

Lyle,

Moni wako ndalandira. Wafunsa za bondo. Bondo lili bwino, zikomo. Chimene chapita ndi mutu.

Popeza sunabwere kudzaona wekha, ndikuuze bambo amene ukufuna kuwadzidzimutsawo. Nsapato amaika m'firiji. Ine m'mawa ndimakhala Marlys, masana ndimakhala Amayi, ndipo madzulo ndimakhala mzimayi wachilendo amene walowa m'nyumba mwawo kudzaba. Chinthu chimodzi chokha sachiphonya. Akatha kudya masana amapita kukatsekula shedi, n'kuima akuyang'ana banga la oyilo pa simenti, n'kufunsa kuti, "Njati yapita kuti?" Ine ndimati ili kwa Lyle, akuikonza. Iwo amati, "Abwera nayo liti?" Ine ndimati posachedwa. Tsiku lililonse, kwa zaka. Ndatopa kunama m'malo mwako.

Lachiwiri lapitali anawapeza pa msewu waukulu atavala zogonera, malole akudutsa pambali pawo, ati akukachingamira galimoto. Anawabweretsa ndi mwamuna wotenga mkaka. Ndiye pa 1 Julayi ndikukawasiya ku nyumba yosamalira okalamba ku Columbus. Usayerekeze kundiuza kuti ndi nkhanza. Amene ali ndi pakamwa pa nkhani imeneyi ndi amene amawasambitsa, ndipo iwe wasambitsa galimoto.

Chikho chako ndachimva. Ine ndinasiya ntchito kusukulu kuti ndizisintha nsalu zapabedi, koma oweruza a tochi sanafikebe kuno.

Ngati ukufunadi kuti akuone akadali pakhomo pawo, kwera ndege mawa. Galimotoyo ikutsate pa ngolo ngati mkwatibwi, monga akunenera anzakowo, amene akuoneka kuti ali ndi nzeru kuposa iwe. Ukudziwa bwino kuti Njati sinkafika ngakhale ku Omaha osatsekulidwa boneti.

M'shedi sindisesamo. Manja anga ali ndi zina zopukuta.

Marlys


Kingman, Arizona
14 Juni 1994

Achemwali,

Moni wa pamsewu. Kalata yanu inandipeza ndikulongedza masipanala m'buti, ndipo ndinaiwerenga kamodzi kokha, chifukwa kachiwiri ndikanaing'amba. Mukulemba ngati ine kuno ndimangovina. Loweruka langa ndi Lamlungu langa zaka zonsezi zathera pansi pa galimoto ya Adadi, osati yanga. Mkazi anandithawa chifukwa cha Njati yomweyi, inu mukudziwa. Aliyense amasamalira kholo m'njira imene amaidziwa.

Ndege sindikwera. Nditatsika pa takisi ndi chikwama m'manja, ndidzangokhala mdala wina wadazi amene wasochera pakhomo pawo.

Ndinanyamuka bwino. Mpaka ku Barstow inkayenda ngati ikuimba nyimbo, madalaivala a malole akundiimbira hutala, ana akukupiza manja m'mawindo. Nditadutsa Needles, ndikukwera chitunda dzuwa lili paliwombo, inayamba kutsokomola, kenako zii. Ndinayamba kuona za moto. Mapulagi ali bwino, koyilo ili bwino. Nditasuzumira m'kabuleta ndinapeza mouma gwa. Petulo akuwira m'paipi asanafike, chifukwa paipiyo imadutsa pafupi ndi injini. Ukaisiya kuti ipume imadzuka ngati palibe chachitika, n'kuyenda pang'ono, n'kugonanso.

Pamalo omwetsera mafuta nkhalamba ina yopanda mano inandiuza kuti, "Mphwanga, ingopana paipiyo ndi mapegi oyanikira zovala, ufika." Ndinaseka, chifukwa Adadi ankachita zomwezo. Mukukumbuka Amayi akufunafuna mapegi awo, mapegiwo ali ndandanda pansi pa boneti? Ndinawataya tsiku lomwe ndinayamba kuikonza. Paipi imeneyi ndinaisaka miyezi, sindingaikande ndi mapegi. Ndagula bokosi la ayezi, ndimanyowetsa nsanza n'kuikulunga, ndipo ndiziyenda m'mawa mokha kukadali kozizira. Kuthamanga sikufika. Loweruka mundiona.

Za ku Columbus musachite kanthu ndisanafike. Ndi bambo anga nanenso.

Lyle


Tucumcari, New Mexico
17 Juni 1994

Achemwali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Za Loweruka zija zalephereka, ndipo musayambe kunyoza musanamve.

Nditangodutsa Santa Rosa ndinamva fungo la petulo. Nditaima n'kuona oyilo, ndinapeza wachuluka ndiponso wasanduka madzimadzi. Kalabala ka m'kati mwa pampu ya mafuta kang'ambika, ndiye petulo amatsikira mu oyilo. Mwayi wake ndinazimitsa msanga, apo ayi injini ya Adadi ikanapsa ndipo ndikanangokhala pansi m'mbali mwa msewu n'kulira.

Anandikoka ndi a Lucero, amene ali ndi galaja kumapeto kwa tauni. Ndi munthu wabwino, kungoti amalankhula kwambiri ndipo amakonda kutsamira pa galimoto atavala lamba wa chitsulo. Pampu yoyenera Njati kuno kulibe. Ndaimbira foni munthu wina ku Ohio amene amasunga zida zakale, ndipo walonjeza kutumiza. Ndikudikira pa motelo ina yonunkha fodya, ndikudya nyemba ndi tsabola m'mawa ndi madzulo. Musaganize kuti ndikusangalala.

Ngati muli ndi mawu, lembani ku galaja ya a Lucero. Adadi akudya bwanji?

Lyle


Tabor Creek, Nebraska
23 Juni 1994

Lyle,

Moni ndikukupatsa chifukwa tinayamwa bere limodzi, osati chifukwa ndikufuna.

Nditawerenga kalata yako ndinakumvera chisoni. Ndine chitsiru, ndavomera. Ndinaimbira foni a Lucero kuti ndifunse ngati ndingathandize, mwina kufufuza pampu m'magalaja a kuno. Bambo aja anaseka mpaka kutsamwa. Anati, "Mayi, pampu yatsopano ili pa shelefu pano chifikireni iwowa. Ndi ntchito ya ola limodzi, ndiimanga ngakhale ndikumwa khofi. Achimwene anuwa akuikana chifukwa ilibe manambala a 1969." Ndinati mwina sindinamve bwino. Iwo anati, "Mwamva bwino, mayi. Ya ku Ohio inafika Lachiwiri. Anaitembenuza, n'kuvala magalasi, n'kuwerenga kunsi, n'kuibweza. Ati ndi ya 1971. Panopa akhala pa mpando wanga akupukuta mawilo ndi mswachi."

Ndiye "kuno kulibe" yako ija ndi imeneyo.

Tsono umve chimene waphonya. Ndinawauza Adadi kuti ukubwera. Eya, ndinaswa lamulo lako, ukandisumire. Lamlungu m'mawa anadzuka mutu uli mbee, zimene sizinachitike chiyambire Isitala. Anandiitana dzina langa, anafunsa za mitengo ya chimanga, anameta okha ndevu osadzicheka. Anavala shati loyera lija la kutchalitchi n'kukhala pakhonde kuyang'ana ku mlatho. Anati, "Lero ndikuyendetsa ndine, Lyle akhale pambali." Anakana kulowa kudzadya kuopa kuti uwadutsa. Pofika madzulo anali atabwerera mumdima wawo, akundifunsa kuti ndine mwana wa ndani. Tsiku limenelo iwe unali ku Tucumcari, pampu yabwinobwino ili pa shelefu pamwamba pa mutu wako.

Ndapsa mtima. Pa geti lathu sipadzakhala munthu wogona chagada ndi kagalasi. Padzakhala nkhalamba imene masiku ake abwino akutha ngati shuga m'chitini. Zengerezu adalinda kwawukwawu, Lyle, ndipo amene akukwawa kuno si iwe.

Pa 1 Julayi sipanasinthe.

Marlys


Tucumcari, New Mexico
27 Juni 1994

Marlys,

Ulemu ndakupatsa wokwanira, lero ndikulankhula nawe mmene umandilankhulira ine. Ndiye wayamba kundizonda kudzera mwa amakaniko? Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha, kuti usawauze. Unawauza dala, kuti akhale pakhonde tsiku lonse, kuti upeze chondibaya nacho. Shati loyeralo uli nalo mlandu ndiwe.

Iwe sumvetsa, ndipo sunayambe wamvetsapo. Adadi moyo wawo wonse anayenda m'zinthu zomangamanga ndi waya. Thalakitala ya waya, geti la waya, nsapato zomata. Chilichonse chabwino ankati n'cha anthu ena. Ndikufuna kamodzi kokha akhale ndi chinthu chathunthu, chopanda chigamba ngakhale chimodzi, ngakhale pamalo amene diso silifika. Ndikamanga pampu ya dzulodzuloyi ndiye kuti zaka zonsezi ndamangiranso waya.

Komanso usamadzionetse ngati woyera mtima. Akapita ku Columbus nyumba yonse itsala ndi ndani? Anthu tili ndi maso.

Pampu yolondola yafika lero. Ndaimanga ndekha, ndasintha oyilo, ndipo yalira kamodzi n'kamodzi. Lachinayi ndili pa geti. Uwaveke shati lija.

Lyle


Tabor Creek, Nebraska
2 Julayi 1994

Lyle,

Sindikudziwa ngati wafika kwanu kapena wagonanso pa galaja ina. Kalatayi ikakudikira.

Za nyumba sindiyankha. Ubwere udzaitenge, pamodzi ndi fungo lake.

Lachinayi ndinali kukhitchini. Ndinalumbira kuti sindituluka kukakulandira, ndipo sindinatuluke. Adadi anali akuwodzera pa mpando, shati loyera lili m'thupi, pakuti ndinawaveka. Mwadzidzidzi anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Njati!" Ine ndinali ndisanamve kanthu. Kenako ndinaimva pa mlatho, kubangula komwe kuja kumene kunkatidzutsa tili ana. Ndisaname, misozi inalengeza. Adadi anaimirira opanda ndodo, anatsika masitepe okha, akumwetulira ngati mnyamata. Mumtima ndinati Lyle wapambana, ndipo ndinali wokonzeka kumeza mawu anga onse.

Ndiye pa geti panalowa chigalimoto cha mtundu wa dzungu lakupsa.

Lyle, Njati inali yobiriwira! Ukudziwa, unalipo. Adadi ataigula kwa msilikali wina inali ya mtundu wa dzunguwo, ndipo Amayi anati sangapite kutchalitchi atakwera dzungu. Adadi anatenga penti yotsala ya ngolo ya chimanga n'kuipaka ndi bulashi pansi pa mtengo, iwe ukugwira chitini. Mizere ya bulashi inkaoneka munthu ali kutali. Tinapita nayo kusukulu yobiriwira, inanditengera ku ukwati wanga yobiriwira, inatsatira bokosi la Amayi yobiriwira. M'makalata ako onse unandiuza za mabawuti ndi timizere ta choko, koma osatchula kuti wasintha mtundu. Chitsulo chokokera ngolo ya nkhumba chimene anawotcherera okha kumbuyo, wachotsa. Pamene Amayi anagunda geti, wawongola. Watibweretsera galimoto ya msilikali.

Ndinaonera pa windo. Adadi anaima pakati pa bwalo, kumwetulira kuja kunatha. Anaizungulira manja ali kumbuyo, osaikhudza, monga amachitira ndi katundu wa eni. Munalankhulana pang'ono. Anakugwira chanza. Kenako iwe unalowa m'galimoto, n'kubwerera chambuyo mpaka pa msewu, n'kupita. Wayenda dziko lonseli osalowa n'komwe m'nyumba imene unabadwiramo, osandipatsa ine moni. Wamantha iwe.

Utapita anakatsekula shedi monga mwa masiku onse. Dzulo ndakawasiya ku Columbus. Sanavute. Anangofunsa ngati windo la chipinda chawo likuyang'ana ku msewu.

Ndawafunsa zimene munakambirana, koma sakukumbuka kuti kunabwera munthu. Ndili ndi ufulu wodziwa. Anakuuza chiyani?

Marlys


Bakersfield, California
20 Julayi 1994

Marlys,

Ndinafika. Moni kwa iwe, ngati ukuufuna.

Pa chitseko cha Njati pali kachitsulo kodindidwa ku fakitale, ndipo nambala ya penti imene ili pamenepo ndi ya mtundu umene unauonawo. Aliyense wokonza magalimotowa amatsata kachitsuloko. Sindinakuuze chifukwa sindinaone choti n'kuuza. Ukhoza kundinena wamantha, koma iwe unabisala kuseri kwa katani, ndipo amene anaima pabwalo paja ndine.

Wafunsa, ndiye imva.

Nditatsika ndinavula chipewa kuti andione bwino. Anandiyang'ana pang'ono n'kubwerera ku galimoto. Atamaliza kuizungulira anati, "Galimoto yokongola, bambo. Ndi yanu?"

Ndinati, "Ndi yanu, Adadi. Ndi Njati."

Anaseka mwaulemu, mmene ankasekera ndi anthu otsatsa mbewu. Anati, "Ayi, yanga ndi yobiriwira. Kungoti zimalira mofanana, n'chifukwa chake ndatuluka. Pepani, ndakuimitsani."

Ndinawapatsa makiyi. Anabweza manja kumbuyo, ati, "Ee, ayi, ndingakudetsereni."

Kenako anaona nambala ya kumbuyo. Nkhope inawala. Anati, "Mwachokera ku California? Mwana wanga ali komweko. Lyle Vondrak, wamtali, watsitsi lambiri. Mukumudziwa?"

Ndinati ndikumudziwa.

Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Anati, "Anatenga galimoto yanga kuti akaikonze. Ndi mwana wabwino, koma akagwira chinthu sadziwa polekera. Mukakamuona mukamuuze kuti angobwera nayo mmene ililimo. Asavutike n'kukonza, ilibe vuto. Ndikungofuna ndimuone akulowa nayo pa geti."

Ndinati, "Ndikamuuza, bambo."

N'chifukwa chake sindinalowe. Ndikanalowa ngati ndani?

Pobwerera Njati sinatsokomole ngakhale kamodzi, ndi m'chipululu momwe. Ili m'galaja, ndaifunditsa nsalu, ndipo sindikufuna kuiona. Uthenga wa Adadi ndafika nawo kwa mwini wake. Koma galimoto imene akuidikirayo ndinaipala ndekha ndi sandipepa mpaka pa chitsulo, ndipo fumbi lake lobiriwira ndinasesa n'kukataya.

Lyle